Wolira wa ku Chipping Welbury

Chaka chimene nyumba za mu Dublin zinasowa ogula, Ambrosio anasanduka pulambala wa Anti Magdalene. Ndipo si upulambala wokha ayi. Analinso kalipentala wawo, wamagetsi wawo, wotchetcha kapinga, ndiponso bulu wosenza zikwama Loweruka pochokera kumsika wa pa Moore Street. Malipiro ake anali kapu ya tiyi ndi bisiketi, koma mnyamatayo sankanyinyirika, poti m'nyumba ya ku Lucan imeneyo ndi momwe munkakhala Eleanor, mwana wa akulu awo a antiwo. Walira mvula walira matope.

Ntchito yeniyeni inali itamuthera. Kampani yomanga nyumba imene inamulemba atamaliza masters inatseka risesheni, kugwa kwa chuma kuja, itangoluma, ndipo tsopano munthu wa madigiri awiri ankalondera nyumba zomangidwa theka, zopanda ngakhale mphaka wogonamo. N'chifukwa chake nkhani ya ukwati ankailambalala ngati chithaphwi. Mtsikanayo ankamukonda ndithu, kumukonda kopweteka nako mtima, koma akati atsegule pakamwa, manyazi a ulova ankamubweza.

Loweruka limenelo anali chagada pansi pa sinki, sipanala m'manja, madzi akuda akumudonthera pamphumi. Atatembenuka kuti apukute nkhope, maso ake anagwera pa chithunzi chatsopano chomatidwa pa firiji. Panali bambo wamtali, wathupi, atavala jekete lofiira la mabatani agolide, masokosi oyera ofika m'mawondo, ndi chipewa cha makona atatu chosomekedwa nthenga. M'dzanja munali belu ngati la kupulayimale. Pambali pake panaima mzungu wamfupi, unyolo wagolide uli lendelende pachifuwa.

"Mwawaona eti?"

Anti Magdalene anali ataima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno. Anali nesi wamkulu, mtsogoleri wa amayi achikatolika, munthu amene ngakhale ansembe ankayamba amufunsa asanasinthe nthawi ya Misa.

"Amenewo ndi a Lawson. Tinakumana ku ukwati ku Birmingham. Munthu wamkulu zedi ku England, ku tauni yotchedwa Chipping Welbury. Wa unyoloyo ndi meya, koma meya satsegula pakamwa a Lawson asanayankhule. Mwamva? Mmalawi mnzathu!"

"Zosangalatsa, anti," anatero Ambrosio, mawu akuchokera kunsi kwa sinki.

"Ndipo ofesi yawo ili mu Corn Exchange. Inu munapita kusukulu, a Ambrosio. Corn n'chiyani?"

"Chimanga, anti."

"Exchange?"

"Kusinthanitsa."

"Basitu! Admarc ya azungu imeneyo. Munthu wokhalira chimanga, risesheni ingamudziwe bwanji? Ndipo sanakwatirepo, ntchito inawachulukira. Akubwera Sunday ya mawa lija kudzationa." Anatsitsa mawu, koma osati kwambiri. "Makamaka kudzaona Eleanor."

Sipanala inapulumuka n'kumugunda Ambrosio pamlomo. Anti anangofunsa ngati sinki yatheka.

* * *

Eleanor anamuperekeza pa siteji ya basi, ambulera imodzi anthu awiri, kukuwaza kamvula ka ku Ireland kaja kosadziwa kugwa, kosadziwanso kukata.

"Iwe, nkhopeyo ukupita nayo kuti? Ngati wadya ndimu."

"Bwanji sunandiuze za mkulu wa masokosi uja?"

"Ndikuuze chiyani? Kuti anti amata chithunzi pa firiji? Mwezi watha panali cha Yosefe Woyera, sunachite nsanje."

Anaseka yekha, kenaka kuseka kuja kunazima.

"Koma nkhani ilipo, Ambu. Ku nursing home andidulanso ma hours. A Lawson anauza anti kuti ku tauni kwawoko kuli ma almshouse, tinyumba ta nkhalamba timene munthu wina wolemera anamanga kalekale pofuna kukalowa kumwamba. Akufuna wosamalira nkhalambazo, pogona paulere. Ndinatumiza mapepala."

Ambrosio anaima chilili, mvula n'kumamulowa m'kolala. Ku England sakanatha kumutsatira. Mapepala ake anali a dziko lino lokha, ndipo nyanja yapakatiyo kwa iye inali mpanda.

"Ndiye akakutenga upita?"

"Ndikhalire chiyani? Anthu kutchalitchi akandifunsa kuti Ambrosio ndi ndani wako, ndiziti ndani? Wa sinki? Chaka chachitatu chino. Ankhoswe ako anakwera basi yanji yosafikayi?"

"Ndikangopeza ntchito yooneka..."

"Ntchito, ntchito! Ndinakuuza kuti ndikufuna kukwatiwa ndi ntchito ine?"

Basi inatulukira pakona. Ndiye taonani amuna mmene alili: m'malo moyankha funso limene wafunsidwa, Ambrosio anafunsa lake lopanda mutu.

"Kodi udindo wake weniweni ndi wotani, mkuluyo?"

"Akuti ndi Town Crier."

"Town chiyani?"

"Crier. Sukuidziwa?"

"Aaa, ndikuidziwa bwinobwino," ananama Ambrosio, n'kukwera basi. Paja safunsa anadya phula.

* * *

Ku Drumcondra ankakhala nyumba imodzi ndi Overstone, woyendetsa takisi, amene anakhalako ku Leeds nyengo imodzi yozizira n'kubwerako ali katswiri wa zonse zokhudza Angerezi. Anamupeza akusita malaya, wailesi ikulira za mabanki.

"Town Crier?" Overstone anaimika simbi. "Aise, madigiri awiri onsewo? Teacher amatani?"

"Amaphunzitsa."

"Driver?"

"Amayendetsa."

"Ndiye crier?"

Ambrosio anaphethira. "Amalira?"

"Eyaa! Wolira wa m'tauni. Iwe sunaonepo maliro a Angerezi. Ine ndinapitako, a landlord wanga. Anthu kungoima zii, magalasi akuda m'maso, kenaka masangweji. Palibe wogubuduka, palibe wofunsa kuti mwatisiyira yani. Ine ndinangoti ndisisime pang'ono mwa ulemu, tchalitchi chonse kutembenuka ngati ndaba."

"Koma kuno amaliratu. Maliro a bambo a mnzathu Declan aja tinapita, anthu analira."

"Awa ndi a ku Ireland, ndi anthu ngati ife, amamwa n'kulira. Ine ndikunena Angerezi. Misozi alibe amene aja. Ndiye khonsolo inaona kuti n'zochititsa manyazi kuika munthu ngati mphaka, n'kulemba wina ntchito yowalirira. Nanga pa dziko lonse lapansi, ndani angalire maliro kuposa Mmalawi? Interview imeneyo anapambana asanakhale n'kukhala komwe pampando."

"Nanga belu?"

"Lodziwitsa anthu kuti kulira kwayamba."

"Jekete lofiira?"

"Yunifomu, aise. Kuti achibale adziwe kuti uyu ndi wa khonsolo, asataye nthawi n'kumutonthoza."

Kunena zoona, penapake m'mutu mwa Ambrosio kamawu kanamunong'oneza kuti tayamba wafufuza. Koma nsanje ikalowa pakhomo, sukulu imatulukira pawindo. Nkhaniyo inamukomera kwambiri moti sanafune kuiwononga ndi kufufuza. Anaseka mpaka kugwira khoma, n'kutumizira Eleanor uthenga pafoni: "Sunday ndibwera. Ndili ndi nkhani yoti anti amve."

Yankho linabwera pompo: "Ubwere ndi ulemu. Nkhaniyo uisiye pageti."

* * *

Lamulungu lija pabalaza pa Anti Magdalene panadzaza. Panali amayi a kwaya atavala zitenje pamwamba pa majuzi, ndi Bambo Gervazio, wansembe wachimalawi wa ku parishi ya kumpoto kwa mzinda, amene sankaphonya nkhuku ya m'nyumba imeneyo. Pampando waukulu panakhala a Lawson, suti yotuwa, imvi zingapo m'mbali, sutikesi yaing'ono pafupi ndi mwendo. Ambrosio atalowa, anti anangoti, "Awa ndi mnyamata amatithandiza za sinki," basi, nkhani n'kupitirira. Palibe anamufunsa ngakhale za kwawo.

Mawu a mlendoyo, abale inu! Atapempha mchere, masupuni ananjenjemera m'mbale.

"Tauni yathu ndi yaing'ono, mayi," ankatero, "misewu inayi yokumana pamsika. Pakati pali mtanda wamwala wokhala ndi kadenga, pomwe amayi akale ankagulitsira batala. Msika umakhala Lachitatu, chifukwa mfumu ina yakalekale inalamula Lachitatu, ndipo mpaka lero palibe walimba mtima kufunsa chifukwa chake. Tili ndi wotchi pa holo, imachedwa, koma khonsolo ikukambiranabe zoikonza. Inayamba kukambirana ine ndisanafike."

Amayi a kwaya anaseka. Anti anayang'ana Eleanor ndi diso loti wamva?

"Tchalitchi ndi chachikulu kuposa anthu ake. Oliza mabelu amachuluka kuposa opemphera, ndipo akamaliza kuitana anzawo kumapemphero, iwo amatsika n'kulowera kubawa. Mabawa ake mayina a nyama okhaokha, Mkango Wofiira, Ng'ombe Yakuda. Pafupi ndi mtanda paja pali matabwa oboola, omwe ankapanirapo miyendo ya akuba kuti anthu aziwagenda ndi kabichi wowola. Pano ana amajambulitsapo zithunzi."

"Nanga a meya?" anafunsa anti. "Anzanu aja?"

"Amasintha chaka ndi chaka. Wa chaka chino ndi wogulitsa nyama. Unyolo amavala pa mwambo pokha, akamaliza amauvula n'kubwerera kukadula soseji."

Kumwetulira kwa anti kunachepa pang'ono, koma anadzilimbitsa.

"Ulendo winawo mudzatitengereko kathumba ka chimanga choyera ku ofesi kwanuko. Ufa wa m'mashopu muno watitopetsa."

"Chimanga, mayi?"

"Cha ku Corn Exchange."

A Lawson anaika foloko pansi. "Pepani mayi, mulibe ngakhale njere imodzi mmene muja. Corn yawo ndi tirigu, ndipo anasiya kugulitsiramo agogo athu asanabadwe. Pano ndi holo chabe. Lolemba nkhalamba zimavina, Lachinayi masewera a bingo, ndipo kamodzi pachaka kumakhala mpikisano wa amene walima dzungu lalikulu. Ine ndili ndi kabati kumbuyo kwa siteji, kosungiramo chipewa."

Anti anakhosomola, n'kumwa madzi ambiri. Ambrosio anaona kuti mdani wagwada bondo limodzi, yatsala nkhonya yomaliza. Eleanor anamuponda phazi pansi pa tebulo, koma munthu anali atanyamuka kale.

"A Lawson, poti mwayamba kunena zoona, malizani. Pa sabata mumalira maliro angati?"

"Maliro?"

"Musabise, tikudziwa. Anti, bambowa ndi Town Crier. Ntchito yawo ndi yolira maliro a azungu, poti eni ake misozi alibe. Jekete lija ndi yunifomu yolirira!" Mawu ake anakwera. "Ndiye mukufuna Eleanor akakhale ndi munthu amene akadzuka m'mawa amapemphera kuti wina afe kuti iye adye?"

Woyamba kuphulika n'kuseka anali Bambo Gervazio. Tiyi anawatulukira m'mphuno, n'kuyamba kudzimenya pachifuwa, misozi ili mbwembwembwe, akulephera ngakhale kupepesa. Eleanor anabisa nkhope m'manja.

A Lawson sanaseke. Ananyamuka mwakachetechete, n'kutenga sutikesi yawo, n'kukwera m'mwamba. Potsika anali munthu wa pa firiji uja, nthenga ikukhudza denga, belu m'manja. Anadutsa khitchini n'kukaima pakapinga kuseri kwa nyumba, kapinga yemwe Ambrosio anatchetcha yekha, anthu onse n'kuwatsatira.

Ngelengele! Ngelengele!

"Oyez! Oyez! Oyez!"

Tsono mawu amenewa Angerezi amawatchula kuti "oyee." Amayi a kwaya, anthu okulira m'misonkhano ya ndale, sanadikire kuuzidwa. Zibakera m'mwamba, onse pamodzi: "Oyeeee!" Wina mpaka analuluta. Agalu a mu Lucan monse anayankha, ndipo mzungu wa nyumba yoyandikana anasuzumira pawindo atagwira nyuzipepala.

"Kulira kwake n'kumeneku, mnyamata," anatero a Lawson. "Cry yathu ndi kukuwa. Ndimalengeza. Msika ukatsegulidwa, meya watsopano akavala unyolo, magetsi a Khirisimasi akamayatsidwa, ndimayamba ndine kuyankhula kuti anthu akhale chete."

Ambrosio analakalaka kapinga uja akanamusiya wautali kuti abisalemo.

Anti Magdalene anali akusinkhasinkha. "Ndiye kuti, a Lawson, ndinu ngati uja amayenda panjinga ndi chimkuzamawu kwathu ku Dedza, kulengeza katemera wa agalu?"

"Chimodzimodzi, mayi, kungoti ine njinga ndilibe."

"Nanga mumadya chiyani?"

"Uwu ndi ulemu chabe. Ntchito yodyera ndimayendetsa basi ya ana asukulu."

Anti anapumira m'mwamba. Chimanga chapita, meya wapita. Koma mayi amene uja sagonja pamaso pa anthu, ndipo anali atapeza kale wolipira manyazi awowo. Anatembenukira kwa Ambrosio.

"Dalaivala wa basi ali ndi ntchito, kusiyana ndi wolondera mizukwa m'nyumba zopanda anthu. Ndipo satukwana alendo m'nyumba za eni. Mwandichititsa manyazi, a Ambrosio. Sinki yanga musadzaikhudzenso."

"Pamsika zidakwa zanditukwanapo zambiri," anawonjezera a Lawson, tsopano motsitsa, "koma palibe anandinenapo kuti ndimapempherera imfa ya munthu. Mawu amenewo ndawasunga, mnyamata." Kenaka anakweza belu. "Komabe ndabwera ndi uthenga, ndipo uthenga sufera m'thumba."

Ngelengele!

"Imvani, anthu a ku Lucan ndi madera ozungulira! Akuluakulu oyang'anira ma almshouse a ku Chipping Welbury, atakhala pansi Lachinayi lapitali bingo isanayambe, avomereza kuti Mayi Eleanor akayambe ntchito kumayambiriro kwa mwezi wa mawa! Mulungu asunge Mfumukazi!"

Windo la mzungu uja linatsekedwa mwamphamvu.

"Mawu omalizawo muziwatsitsa," ananong'ona Bambo Gervazio. "Kuno n'ku Ireland, za Mfumukazi ya Angerezi safuna kuzimva."

Amayi analuluta n'kumukumbatira Eleanor. Palibe anaona Ambrosio akutuluka pageti, jekete lake ataliiwala pampando.

* * *

Mauthenga a Ambrosio kwa Eleanor anagwera m'madzi mpaka pakati pa sabata, pomwe linabwera yankho lalifupi: "Dún Laoghaire, pa pier, two o'clock. Ndikubweretsera jekete lako basi."

Anamupeza atakhala pa benchi, mphepo ikumuvutitsa mpango. Patsidya pa doko sitima yopita ku Britain inali ikulowetsa magalimoto, ndipo Ambrosio anaiyang'ana ngati mfiti.

"Wolira maliro," anatero Eleanor osamuyang'ana. "Wolira maliro, Ambrosio! Anakuuza ndani?"

"Overstone."

"Overstone amene anatiuza kuti black pudding, soseji ya magazi ija, ndi keke ya chokoleti?"

Anayesetsa kuumitsa nkhope, koma milomo inamugulitsa. Anaphulika n'kuseka, kuseka mpaka kutsamira paphewa la mnyamatayo, n'kumangoti "oyeee" chapansipansi. Ambrosio anasekanso, mwamantha, ngati munthu woyenda pa ayezi.

"Ndiwe chitsiru," anatero Eleanor akupukuta m'maso. "Ukanandifunsa ine, ndikanakuuza kuti a Lawson sindikuwafuna. Munthu wamkulu ngati bambo anga, ndipo akati akunong'oneze kuti ndimakukonda, tauni yonse ibwera kudzaonerera. Ndinawauza kale, anandimvetsa. Otsala ndi anti."

"Ndiye supita?"

"Ntchito ija ndi yeniyeni, Ambu. Kuno ndikungodya za anti ngati mwana. Chondisunga m'dziko lino ndiwe wekha, koma iweyo sunandisunge."

Apa mpomwe mnyamata uja anasiya zozungulira. Anamugwira manja onse awiri, ozizira ngati nsomba.

"Eleanor, ndimakukonda. Ukakwera sitima imeneyo ine ndatha. Ndinkachita manyazi kubwera chimanjamanja, ndinkafuna ndidzafike ngati munthu. Koma ngati ungandilole mmene ndililimu, mlonda wa mizukwa, ndikufuna ndikukwatire."

Eleanor anamufinya manja, maso atadzaza misozi.

"Mawu amenewa ndawadikira mpaka kutopa," anatero. "Ndalola. Koma ine si amene ukuyenera kundigonjetsa. Ndinayankhula ndi anti dzulo. Akuti ankhoswe ako akafika mwezi uno usanathe, ntchito ija ndiikane, adzakukhululukira. Akapanda kufika, adzandikweza okha sitima."

"Nditenga Bambo Gervazio."

"Akuti wansembe ndi wa tonse, sangakhale wa mbali imodzi."

"Overstone?"

"Anamutchula dzina. Akuti asadzaone Overstone atavala suti yobwereka. Akufuna wamagazi, wa kuchikazi kwanu, wodzakhala pampando n'kuyankhula pamaso, osati pafoni. Munthu woti mawa ukadzandizunza adzakhale ndi pokadandaula."

Anamuveka jekete lija, n'kumukonza kolala.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, Ambu. Imba foni kumudzi."

* * *

Anaimba tsiku lomwelo, ali m'sitima yapamtunda yobwerera m'tauni. Mayi ake ku Ntcheu atamva nkhani ya mbeta analuluta mpaka anthu a mpando wakutsogolo anatembenuka. Koma atafotokoza za nkhoswe, nthungululu zinazima.

"Malume ako aakulu miyendo inawatupa, ngakhale ku boma safika. Za ndege n'zosayamba n'komwe."

"Ndiye ndatayika, amayi. Kuno ndilibe wachibale ngakhale mmodzi."

"Tadikira kaye." Kunamveka mayiwo akufunsa wina chapatali, nkhuku zikulira. "Iii, koma ukalambawu! Ulibe bwanji? Uli ndi malume ako konko! Mwana wa mayi anga aang'ono, mlongo wanga ndithu. Anachoka iwe uli kumsana, n'chifukwa chake sukumudziwa. Ali ku England, pafupi pomwepo. Amenewo ndiye nkhoswe wako weniweni, palibenso wina."

Ambrosio anadzuka pampando ndi chimwemwe. "Ali tauni yanji, amayi?"

"Dzina lake lovuta, likumveka ngati tchipisi. Chipini chiyani kaya. Nambala ndili nayo, anatiimbira pa maliro a agogo ako. Sungamusowe, ali ndi mawu oti akayankhula ku Bilira a ku Kasinje amavomera. Lasoni."

Ambrosio anakhalanso pansi.

"Ndani, amayi?"

"Lasoni, Lasoni! Koma mwanawe, ukamufike mwaulemu. Ndi munthu wabwino mtima, kungoti ukamunyoza saiwala. Msuweni wake anamuseka pagulu ali anyamata, mpaka lero sapatsana moni. Iwe poti ndiwe mwana wofatsa, sindikuda nkhawa. Lemba nambala."

Analemba padzanja. Anatsika pa siteshoni ya Connolly, n'kuyenda wapansi mpaka ku Drumcondra, akuyang'ana dzanjalo ngati lapsa. Kunyumba anapeza Overstone akudya buledi, ndipo atamufotokozera, katswiri uja anaika buledi pansi. Anangomusunthira mpando.

Ambrosio sanakhale pampandopo. Anagwada pakapeti, monga amagwadira mwana poyankhula ndi akulu, ngakhale panalibe womuona kupatula Overstone. Anadina manambala aja. Foni inaitana, n'kuitana, kenaka mawu anabangula moti anachita kuitalikitsa kukhutu.

"Halo! Lawson pano! Ndani?"

Ambrosio anaweramitsa mutu.

"Ndine... ndine mphwanu, malume. Mwana wa alongo anu a ku Bilira. Ndili ndi pempho."

"Mphwanga! Mwana wa mlongo wanga!" Chimwemwe chake chinali choti ngakhale Overstone anamva. Kenaka mawu aja anatsika, n'kumatuluka mochedwa.

"Tadikira. Mawu akowa ndawamvapo penapake posachedwapa. Tayankhulanso."